Usiku umene ma AP anakana firmware

Lamlungu pa 4 Disembala 2022, usiku womwe England inatulutsa Senegal mu World Cup ku Qatar, kunachitika kanthu kena komwe sikanaoneke pa kanema aliyense. Satifiketi imene kampani ya Cisco inkasainira firmware ya ma access point (ma AP) ake akale inatha mphamvu. Palibe nyali ya AP imene inasintha mtundu. Palibe foni imene inaduka pa Wi-Fi. Lolemba m'mawa anthu analowa m'maofesi, m'zipatala ndi m'masukulu nkupeza netiweki ili bwinobwino, ndipo ikanapitirira kukhala choncho miyezi ndi miyezi bola wina asaikhudze.

Koma ntchito yathu ndi yokhudza. Ndipo Disembala ndi mwezi umene ife a netiweki timaukonda pa ntchito zoterezi: maofesi akutseka, ophunzira apita kwawo, abwana avomera kuti Wi-Fi ithime kwa ola limodzi. Munthu ankaika pulogalamu yatsopano pa controller, nkuiyatsanso, nkukhala pansi kudikira kuti ma AP abwerere. Atsopano, monga Aironet 2800, 3800 ndi Catalyst 9100, ankabwereradi. Akale oyendera Cisco IOS, a m'magulu a 1700, 2700, 3700, 1600, 2600, 3600 ndi anzawo, ankangoonetsa liwu limodzi pa controller: Downloading. Pakapita mphindi 10, Downloading. Pakapita ola, Downloading. Kukacha, liwu lomwelo, ndipo m'nyumba monse momwe munali ma AP amenewa munalibe Wi-Fi.

Chomwe chinkachitika mkatimo si chovuta kumva. AP ya mtundu uwu siyenda yokha. Ikayaka imafunafuna controller, nkulumikizana nayo kudzera mu CAPWAP, nkutengako nthawi ndi deti, kenako ziwirizi zimayerekeza firmware. Ikapezeka kuti ndi yosiyana, AP siloledwa kutumikira aliyense mpaka itakoka firmware yofanana ndi ya controller. Ikamaliza kukoka, imayang'ana siginecha ya pa fayiloyo kuti itsimikize kuti yachokeradi kwa Cisco, osati kwa wakuba. Apa ndiye panali msampha. Fayilo inali yeniyeni, siginecha yeniyeni, koma satifiketi yoikira umboni siginechayo inali itatha pa 4 Disembala. AP inkachita ngati mlonda wa pageti amene amakudziwani bwino, nkhope ndi dzina lomwe, koma wakubwezani chifukwa chiphaso chanu chatha dzulo. Inkataya fayilo ija, nkuyambiranso kulumikizana ndi controller, nkupeza kuti firmware ikadali yosiyana, nkuyambanso kukoka. Kuzungulira pomwepo osatopa.

Cisco inavomera vutoli, nkulilemba ngati CSCwd80290, nkutulutsa chenjezo lotchedwa Field Notice 72524 pamodzi ndi firmware yokonzedwa. Kulakwa koyamba kunali kwa kampaniyo, tisabise: tsiku lothera satifiketi silibwera modzidzimutsa, limakhala lolembedwa mkati mwake chiyambire. Koma inu simungakonze Cisco. Chimene mungakonze ndi mmene manja anu amagwirira ntchito usiku wa upgrade, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Ndikufunseni, m'bale wanga. Ulendo watha umene munasintha firmware, munayamba ndi ma AP angati? Ngati yankho ndi lakuti onse, dziwani kuti simunapambane chifukwa cha luso. Munangokhala ndi mwayi.

Controller ya Cisco ili ndi njira yotumizira firmware yatsopano ku ma AP isanafike nthawi yozimitsa chilichonse. Amaitcha predownload. AP imalandira fayilo, nkuiyesa, nkuisunga pambali, uku ikupitiriza kutumikira anthu ndi firmware yakale. Pa controller ya AireOS mumalemba config ap image predownload primary, kenako dzina la AP imodzi kapena all, nkumaona mmene zikuyendera ndi show ap image all. Pa Catalyst 9800 njirayi iliponso. Aliyense amene anachita izi pambuyo pa 4 Disembala akanaona ma 2700 ndi ma 3700 ake akulephera kulandira fayilo, Wi-Fi ikadali yoyaka, palibe ndi mmodzi yemwe amene akudandaula. Akanaima pomwepo, nkukagona kwawo, nkudzafufuza mawa mutu uli wozizira. Amene anadumpha sitepe imeneyi anadziwa za vutoli controller itayaka kale ndi firmware yatsopano.

Ndiye pali ena amene amachita predownload ngati mwambo chabe. Amalemba lamulolo, nkupita kukamwa tiyi, pobwera nkungozimitsa controller osayang'ana kuti ndi angati amene alandira, ndi angati amene alephera. Mwa ma AP 200, 170 akaonetsa kuti zatheka, mtima umati ambiri alandira, otsalawo adzalandira ikayaka. Mwadzifunsa kuti 30 otsalawo akufanana chiyani? Ngati onse ndi mtundu umodzi, kapena onse ali kunthambi imodzi, kapena onse ali pa switch imodzi, limenelo si tsoka la apa ndi apo. Ndi uthenga. Amati tsoka silinunkha, koma ili linkanunkha ndithu, kungoti anthu anali pachangu.

Kuyesa pa AP imodzi nakonso kumanamiza ngati mwasankha molakwika. Ambiri timayesera pa AP ya mu ofesi yathu ya IT, yomwe kawirikawiri imakhala yatsopano kuposa zonse chifukwa tinadzikondera poigawa. Mu nkhani iyi AP yatsopano inkalandira firmware popanda vuto lililonse. Yoyenera kuyesera inali yakale ija ya kunkhokwe, yomwe palibe amene akukumbukira chaka chomwe inapachikidwa. Kodi muli nawo mndandanda wa mitundu yonse ya ma AP anu? Osati wa m'mutu. Wolembedwa, wochokera pa controller lero lino.

Tsopano zinthu zavuta, nthawi ndi 11 koloko usiku, ma AP ali pa Downloading. Apa ndi pamene munthu amaononga zambiri kuposa zimene vuto lenilenilo laononga. Choyamba chobwera m'mutu ndi kuzimitsa ndi kuyatsanso. Mumathimitsa PoE pa switch, nkuyatsanso, AP nkubwerera pa Downloading. Kenako mumakayikira fayilo, nkuikokanso kwa Cisco, nkuiikanso. Chimodzimodzi. Kenako mumakayikira firewall, nkutsegula ma port 5246 ndi 5247 omwe anali otsegula kale, mwinanso nkutsegula ena omwe simudzakumbukira kuwatseka. Potsiriza mumatenga makwerero, nkukanikiza batani la Mode kuti AP ibwerere mmene inachokera ku fakitale. Mwafufuta dzina lake, gulu lake, ndi adiresi ya controller yomwe inkaidziwa. Vuto lija likadalipo, ndipo mwadziwonjezera lina.

Nthawi yonseyi AP inali ikunena chimene chikuivuta. Mukanalumikiza chingwe cha console, pa liwiro la 9600, kapena kulowa ndi SSH nkulemba show logging, mukanaona mzere wonena kuti satifiketi yatha, deti lake la 4 Disembala 2022 lili poyera, ndi wina pansi pake wonena kuti siginecha ya fayilo yalephera kutsimikizika. Mizere iwiri basi. Controller imangokuuzani kuti AP ikukoka fayilo, chifukwa kumbali yake ndi zokhazo zimene ikuona. Chifukwa chokanira chimalembedwa mu AP momwemo. Ndiye ndifunsenso: chingwe chanu cha console chili kuti panopa? Chikugwira pa laputopu yomwe muli nayo lero, kapena munachiyesa komaliza pa ija inabedwa? Ma AP anu amatumiza log yawo ku syslog server, kapena kuti muiwerenge mpaka mukwere kudenga?

Lamulo langa ndi lakuti musazimitse chinthu kachiwiri musanawerenge chimene chinalemba ulendo woyamba. Kuzimitsa kumapatsa manja chochita, mtima nkukhalako pansi, koma sikuyankha funso lililonse.

Nanga kubwerera m'mbuyo? Aliyense polemba pempho la upgrade amaikapo mzere wakuti zikavuta tidzabwerera ku firmware yakale, ndipo abwana amasaina. Koma yakale iti? Ma AP okanawo anali akadali ndi firmware yomwe anali nayo poyamba, choncho kubwezera controller pa nambala yomweyo ndendende kukanachititsa kuti zifananenso popanda kukoka kanthu. Koma kutsikira pa nambala ina iliyonse, ngakhale yakale yodalirika, kunkafunanso kukoka, ndipo kukoka kulikonse kunkathera pa satifiketi yomwe ija. Chenjezo la Cisco linanena momveka kuti vutoli limagwira pokwera ndi potsika pomwe. Kodi musanayambe munalemba pa pepala nambala yonse ya firmware imene munali nayo? Munaona ndi show boot kuti ikadalipo pa controller ngati backup, kapena inafufutidwa ndi fayilo yatsopano ija? Kumbukiraninso kuti ma AP atsopano omwe anakwera bwino aja ayenera kutsikanso, ndiye kuti Wi-Fi ithimanso kachiwiri kwa anthu omwe anali atapulumuka.

Panalinso ena amene anagwa osachita upgrade nkomwe. AP yafa, mwatenga ina m'kabati, yomwe ili ndi firmware ya chaka chomwe inagulidwa, mwaipachika, ndipo ikuyenera kukoka kuti ifanane ndi controller. Downloading. Kapena muli ndi ma controller awiri omwe firmware yawo inasiyana pang'ono chifukwa wina anaiwala wachiwiriyo, woyamba wazima, ma AP athamangira kwa wachiwiri. Downloading, onse nthawi imodzi, masana dzuwa likuswa mtengo. Choncho musadzitonthoze kuti ife sitikhudza firmware. Tsiku lina zinthu zidzaikhudza zokha.

Njira yopulumukira imene Cisco inapereka ndi yoseketsa mukaimva koyamba: namizani controller za deti. Chotsani NTP, bwezani wotchi ya controller kuti ikhale tsiku la m'mbuyo mwa 4 Disembala 2022, ma AP atenge nthawi yabodzayo, aone satifiketi ngati yamoyo, alandire fayilo. Onse akakwera, bwezerani NTP. Zimagwira. Koma panali chenjezo lakuti musabwerere kupyola pa 1 Novembala 2022, chifukwa satifiketi ili ndi malire awiri, tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Mukabweza wotchi kwambiri, ma satifiketi a zipangizo zatsopano amaoneka ngati nthawi yawo sinakwane, ndipo nawonso amakanidwa.

Taganizirani tanthauzo la zimenezi lero. Mu Disembala 2022 kubweza wotchi kunali kubwerera masabata ochepa. Lero ndi kubwerera zaka. AP iliyonse yopangidwa pambuyo pa deti lomwe mwasankhalo, satifiketi ya tsamba lolowera alendo yomwe munagula chaka chino, maakaunti a alendo okhala ndi tsiku lothera, zonsezi zimadalira wotchi yomweyo. Mukhoza kupulumutsa ma AP akale 20 nkugwetsa atsopano 100. Ngati mukuyenera kutero, chitani pa controller yapadera, kapena pa nthawi yomwe mwauza anthu kuti Wi-Fi kulibe, ndipo onetsetsani kuti firmware yomwe mukukwerako ndi yokonzedwa, kuti musadzabwerezenso masewerawa.

Mwina mukuti nkhaniyi ndi ya ku America ndi ku Ulaya, ndipo inatha. Ayi. Zipangizo zimene makampani a kumeneko amazichotsa zimagulitsidwa motchipa, ndipo zina zimathera kuno, m'masukulu, m'malo ogona alendo ndi m'maofesi omwe bajeti yawo silola zatsopano. Aironet 2700 ndi 3700 ndi ma AP olimba, ndipo sindinyoza aliyense wowagula. Koma AP yogula kwa wina imabwera ndi firmware ya mwini wake wakale, ndiye tsiku loyamba lomwe mwailumikiza ku controller yanu ikuyenera kukoka. Wogulitsa adzakuonetsani nyali ikuyaka nkunena kuti ili bwino. Nyali siuza munthu za satifiketi.

Ndipo satifiketi ya firmware ili ndi mkulu wake. AP iliyonse ya Cisco ya nthawi imeneyo inatuluka ku fakitale ndi satifiketi yakeyake yoizindikiritsa, yotchedwa MIC, ya zaka 10 kuchokera tsiku lomwe inapangidwa. Cisco inayamba kuika ma satifiketi amenewa mu 2005, ndiye oyamba anayamba kutha mu 2015, ndipo zinalembedwa mu Field Notice 63942. Controller nayo ili ndi yake. Khalidwe lake ndi lomwe lija: AP yolumikizidwa kale imapitiriza kugwira ntchito ngakhale satifiketi yatha, chifukwa imafunsidwa polowa pokha. Ikazima nkuyakanso, controller imaikana. Upgrade imazimitsa ma AP onse nthawi imodzi, choncho onse omwe ma satifiketi awo anatha mwakachetechete amaonekera usiku umodzi, ndipo inu mudzaloza chala firmware yatsopano yomwe sinalakwe kanthu. Pa AireOS yokonzedwa pali lamulo la config ap cert-expiry-ignore mic enable, louza controller kuti isayang'ane tsiku lotheralo, ndipo ndi bwino kuliika zinthu zisanavute. Werengerani nokha: AP yopangidwa mu 2014 inakwanitsa zaka 10 mu 2024.

Kusiyanitsa mavuto awiriwa nkosavuta mukadziwa poyang'ana. AP ya satifiketi ya MIC yotha sifika nkomwe pa Downloading, imalephera pa DTLS isanalowe, ndipo pa mndandanda wa controller sioneka. AP ya vuto la siginecha imalowa, imakoka, kenako imakana. Pomwe yaimira ndi pomwe pakuuzani koyambira kufufuza.

Palinso AP ina imene imafa itakoka kale. Ma AP a IOS omwewa anali ndi vuto lina lodziwika: flash, komwe kumasungidwa firmware, inkaonongeka pang'onopang'ono AP ili pantchito miyezi yambiri. Poti pulogalamu yoyenda imakhala kale mu memory, palibe chimene chinkaoneka. Pa tsiku la upgrade AP inkalephera kulemba fayilo yatsopano, kapena ikazima osadzukanso, nkuima pa ap: kudikira munthu wa console. Cisco inatulutsa pulogalamu yotchedwa WLAN Poller yoyendera ma AP onse ndi kuyesa flash yawo upgrade isanachitike. Chizindikiro chochenjeza pano ndi chimene ambiri timachinyadira: AP yomwe yakhala masiku 600 osazima. Mumaiona ngati yolimba. Zoona zake nzakuti kwa masiku 600 palibe amene watsimikiza kuti ingathe kudzuka.

Atsopano nawo asakunyengeni. Ma AP a Wave 2 ndi a Wi-Fi 6 anapezeka ndi vuto lawo pokoka firmware kudzera mu CAPWAP pa mzere wa WAN wotaya mapaketi kapena wa MTU yaing'ono: fayilo inkafika yoonongeka, ndipo pa firmware zina AP inkayesabe kuyakira fayilo yoonongekayo, nkumangozima ndi kuyaka. Malangizo a Cisco anali akuti chitani predownload, werengani syslog ya AP iliyonse kuona ngati siginecha yatsimikizika, ndipo musazimitse AP yomwe yalemba kuti yalephera. Uku ndiye kwathu kwenikweni. Controller ili ku likulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, AP ili kunthambi ku Karonga kapena ku Nsanje, pa mzere womwe umadukaduka mvula ikagwa. Ikakana kudzuka, si nkhani ya makwerero ayi, ndi ya galimoto, mafuta ndi tsiku lathunthu pamsewu. Onjezanipo magetsi. AP imadya kuchokera ku switch, ndiye funso si lakuti controller ili pa UPS, funso ndi lakuti switch ya kunthambi ija batire yake imatha mphindi zingati, ndipo jenereta ya kumeneko amailiza usiku kapena ayi. Magetsi akathima AP ili mkati molemba flash, mwina idzuka, mwina ayi. Munamuimbira munthu wa kunthambiko musanayambe, kapena mwangoganiza kuti poti kuno akuyaka ndiye kuti konse akuyaka?

Nkhani ya release notes ndingoitchula mwachidule chifukwa mukuidziwa, kungoti simuichita. M'menemo ndi momwe amalemba mitundu ya ma AP imene firmware yatsopano yasiya kuithandiza, ndi nambala zomwe simungadumphe. AireOS 8.10 silandira ma 1600, 2600 ndi 3600. Mukakwera osawerenga, ma AP amenewo sadzalowanso, ndipo palibe wotchi yomwe mungabweze kuti alowe. Amene anagwa sabata yoyamba ya Disembala 2022 tingawamvere chisoni, chenjezo linali lisanafike kwa aliyense. Wogwa lero ndiye safunsa uja anadya phula, chifukwa kungolemba mtundu wa AP yake ndi liwu lakuti downloading pa intaneti kukanamupatsa yankho.

Chotsala ndi wotchi ija. Ma AP akabwerera 3 koloko m'bandakucha, nyali zonse zili bwino, thupi limangofuna bedi, ndipo NTP imaiwalika. Controller imatsala ikukhala mu Novembala 2022. Wi-Fi ikuyenda, palibe wodandaula. Pakapita miyezi, laputopu yachilendo yalowa pa netiweki, abwana akufuna kudziwa kuti inalowa liti ndipo inali pa AP iti, inu nkutsegula log, nkupeza madeti osagwirizana ndi a pa firewall kapena a pa RADIUS server. Kapena mwagula AP yatsopano, ikukanidwa, ndipo mutha masiku mukuikayikira kuti ndi yakufa. Musanatseke laputopu usiku umenewo, bwezerani NTP, lembani show time pa AireOS kapena show clock pa 9800, yerekezani ndi foni yanu, sungani config, ndipo muzimitse AP imodzi yakale mwadala kuti muone ngati ikubwerera pa deti lenileni.